Pang'onopang'ono ndi Mtolo: Mmene Ndinadziphunzitsira Chijapanizi pa Foni

Lamlungu lina, titaweruka ku Misa yachiwiri, ndinakhala pakhonde foni ili m'manja, ndikuyang'anizana ndi mayi ena achikulire a ku Japan. Kwathu kuno inali 12 koloko masana, kwawoko inali 7 koloko madzulo, poti iwo ali patsogolo ndi maola 7. Mayiwo ankalankhula akuweramitsa mutu mobwerezabwereza, misozi ikulengeza m'maso. Ine ndinkangomwetulira ndi kugwedeza mutu ngati mwana wa sitandade 1 amene funso la aphunzitsi lamupita.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anagwira nafe ntchito zaka ziwiri pa chipatala cha mishoni chimene ophunzira a pa koleji yathu amaphunzirirapo ntchito. Anabwera ngati mmodzi wa achinyamata odzipereka amene dziko la Japan lakhala likutumiza kuno kuyambira mu 1971, ntchito imene imayendetsedwa ndi bungwe la JICA. Pasanathe miyezi 6, mtsikanayo anali atayamba kufunsa odwala m'Chichewa. Sindidzaiwala usiku wina pamene anagwira dzanja la mtsikana wa mimba yoyamba amene ankalira ndi mantha, n'kumuuza kuti, "Limbani mtima, mayi, mwatsala pang'ono." Amayi odikirira anamupatsa dzina la mfunda, ndipo ine ankanditchula kuti amayi. Atadwala malungo ndinamutengera kunyumba kwanga, n'kumamuphikira phala mpaka anapeza bwino.

Chimenecho ndicho mayi ake ankathokoza. Koma pa zaka ziwiri zonsezo ine ndinali nditatola mawu awiri okha a chilankhulo chawo: arigatou, kuthokoza, ndi sayounara, kutsanzika. Mwana wa eni anavutikira chilankhulo changa, ine osavutikira chake n'kamodzi komwe. Pa foni pomwepo anandiuza kuti ndi woyembekezera, miyezi itatu. Nditadula foni ndinadziuza kuti mwanayo akamadzabadwa, ndidzalankhula ndi agogo akewo ndekha, popanda womasulira, ngakhale ziganizo zisanu zokha.

Ndinali ndi miyezi 6, foni yakale ya Android, ndi zaka zoposa 50. Mphunzitsi panalibe. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ophunzira anga ndi anamwino anzanga akhala akundifunsa kuti zinatheka bwanji, ndipo ena akufunsa chifukwa akulota zokagwira ntchito ku Japan. Onsewa ndikufuna kuwayankha moona.

Chijapanizi tili nacho kale pakhomo

Nditayamba kutchera khutu ndinazindikira kuti chilankhulochi takhala nacho nthawi yaitali. Magalimoto ambiri a m'misewu yathu anayamba agwira ntchito ku Japan. Ambiri tamvapo mawu a mayi amene amalankhula galimoto ikangolizidwa, ndipo madalaivala amaseka kuti akutipatsa moni. Kawirikawiri mayiyo amakhala akunena kuti khadi yolipirira pa zipata za mumsewu, yotchedwa ETC, sinalowetsedwe m'kamakina kake. Tsiku limene ndinamva liwu loti kaado m'chiganizo chimenecho, n'kuzindikira kuti ndi khadi, ndinakuwa m'galimoto ya parishi mpaka bambo mfumu anaponda buleki.

M'zipatala zathu zambiri muli zikwangwani za 5S ndi KAIZEN. Ma S asanuwo ndi mawu a Chijapanizi. Seiri ndi kusankha zofunika n'kuchotsa zosafunika. Seiton ndi kuika chinthu chilichonse pamalo pake. Seisou ndi kuyeretsa. Seiketsu ndi kusunga ukhondowo kuti ukhale wa tsiku ndi tsiku. Lachisanu, shitsuke, ndi limene linandigwira mtima, chifukwa ndi liwu lomwelo limene eni ake amagwiritsa ntchito ponena za kulera mwana ndi mwambo. Ndakhala ndikuphunzitsa 5S zaka zambiri ngati nkhani ya mashelefu ndi zikwangwani. Pano ndimauza ophunzira kuti S yomaliza ndi mwambo, womwe uja amayi anu anakuphunzitsani wosesa pabwalo musanapite kusukulu. Kaizen ndi mawu awiri, kusintha ndi ubwino.

Palinso kabuku ka mayi ndi mwana, boshi techou, kamene ku Japan kanayamba mu 1948. Mayi woyembekezera amakalandira, amakasunga yekha, ndipo mumalembedwa za pakati, za kubadwa kwa mwana, katemera ndi kakulidwe kake. Aliyense amene wagwirapo buku la mayi wa kusikelo sangadabwe nako. Mawu oyamba amene ndinawafufuza pandekha anali amenewa: bo ndi mayi, shi ndi mwana, techou ndi kabuku ka m'thumba.

Pamene ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi

Mabuku ambiri ophunzitsa Chijapanizi analembedwa poganizira olankhula Chingerezi, choncho amataya masamba pa zinthu zimene ife tinabadwa nazo. Chijapanizi chili ndi zilembo zaliwu zisanu, a, i, u, e, o, ndipo zimatchulidwa pafupifupi ngati zathu. Maphatikizo ake ambiri amathera ku chilembo chaliwu: ka, ki, ku, ke, ko; ma, mi, mu, me, mo. Amene anaphunzira kuwerenga Chichewa poloweza maphatikizo pa bolodi aona ngati abwerera ku sitandade 1. Vuto la r ndi l limene anthu amatiseka nalo tikamalankhula Chingerezi kumeneko kulibe, chifukwa iwo ali ndi liwu limodzi lokha lokhala pakati pa ziwirizi, lofanana ndi r wa mu "chiri" kapena "pereka".

Mawu obwereka amawapindanso ngati ife. Tebulo ndi teeburu, shati ndi shatsu, basi ndi basu, bedi ndi beddo, supuni ndi supuun. Mawu ena a kuchipatala anawabwereka ku Chijeremani, chifukwa madokotala awo akale anaphunzira kwambiri kwa Ajeremani: karute ndi fayilo ya wodwala, gaaze ndi gozi womangira bala, rentogen ndi ekisile.

Kukweza ndi kutsitsa mawu nakonso si kwachilendo kwa ife. Timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pongomva kamvekedwe. Iwonso ame ikhoza kukhala mvula kapena switi, hashi ikhoza kukhala mlatho kapena timitengo todyera. Khutu la Mchewa limagwira msanga kusiyanako. Chimene chimatipunthwitsa ndi kutalika kwa liwu. Obasan ndi azakhali, obaasan ndi agogo aakazi. Ukafupikitsa kapena kutalikitsa molakwika, wasintha tanthauzo.

Ulemu ndi nkhani ina imene sitifunika kuuzidwa. Monga timati "a Phiri" kapena "amayi", iwo amaphatikiza -san kumapeto kwa dzina la munthu, ndipo munthu sadziikira yekha. Pali kalankhulidwe ka pakati pa mabwenzi ndi kalankhulidwe kaulemu, ngati kusiyana kwa "iwe" ndi "inu". Woyamba kumene ayambe ndi kaulemu, ka ziganizo zothera ndi desu kapena -masu, chifukwa ndi kamene sikangamuchititse manyazi pamaso pa aliyense.

Koma chimene chinandisangalatsa kwambiri ngati namwino ndi mvekero. Ife timati m'maso muli mbee, magazi ali psuu, mimba ili gwa, m'wodi muli zii. Iwonso ali nayo yambirimbiri, ndipo zii wathu kwawo ndi shiin. Odwala amafotokozera nayo ululu. Zukizuki ndi ululu wogunda ngati wa chithupsa, chikuchiku ndi wobaya ngati singano, gangan ndi mutu wowawa ngati akuumenya ndi hamala, mukamuka ndi mseru, furafura ndi chizungulire. Ngakhale mankhwala, iwo amamwa ngati ife, angakhale mapiritsi: kusuri o nonde kudasai, chonde imwani mankhwala.

Chiganizo chimenechi chikuonetsa kusiyana kwakukulu kwa malamulo a chilankhulo. Mneni amabwera kumapeto, ndipo timawu ting'onoting'ono monga wa, ga, o, ni ndi de timabwera pambuyo pa dzina kusonyeza ntchito yake m'chiganizo. Watashi wa josanshi desu, ine ndine mzamba. Doko ga itai desu ka, pakupweteka ndi pati? Ka wa kumapetoyo ndiye amasandutsa chiganizo kukhala funso. Magulu a mayina ngati athu, a mu-, a-, chi-, zi-, kulibe. M'malo mwake ali ndi kawerengedwe kosiyanasiyana: anthu amawerengedwa mwanjira yawo, zinthu zazitali ngati pensulo mwanjira ina, mapepala mwanjira ina, mapiritsi mwanjira inanso.

Phiri lenileni ndi zilembo

Pano ndisakunamizeni. Kulankhula pang'ono n'kosavuta, koma kuwerenga ndi ntchito. Chijapanizi chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo, ndipo yonse imapezeka m'chiganizo chimodzi. Hiragana ili ndi zilembo 46, ndipo chilembo chilichonse ndi phatikizo lathunthu. Katakana ilinso ndi zilembo 46 za maphatikizo omwewo, koma imagwira ntchito makamaka polemba mawu obwereka ndi mayina achilendo. Dzina lanu ndi dzina la dziko lathu zidzalembedwa mu katakana. Mtundu wachitatu ndi kanji, zilembo zochokera ku China zimene chilichonse chimanyamula tanthauzo. Mndandanda wa boma wa kanji zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku uli ndi zilembo 2,136, ndipo ana a kumeneko amaziphunzira pang'onopang'ono zaka zonse za kusukulu.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kozemba zilembozi. Kwa milungu itatu ndinkangowerenga Chijapanizi cholembedwa m'zilembo zathu, chimene amachitcha roomaji, ngati mmene ndalembera m'nkhani ino. Zinkandikomera chifukwa ndinkaona ngati ndikuthamanga. Nditatsegula phunziro lina lolembedwa mu hiragana yokhayokha ndinangoti kakasi. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kugula kope la masamu lija la timabokosi, ndipo ndinayamba kulemba zilembo zisanu pa tsiku, chilichonse m'kabokosi kake, motsata ndondomeko ya kalembedwe kake. Pakutha pa milungu iwiri ndinali nditamaliza hiragana. Katakana inanditengera nthawi yotalikirapo chifukwa zilembo zina, monga shi ndi tsu, zimafanana ngati mapasa.

Kanji ndinkaziopa, koma zinakhala zosangalatsa kuposa zonse. Chilembo cha mtengo chimaonekadi ngati mtengo wa nthambi ndi mizu. Mitengo iwiri pamodzi ndi kankhalango, itatu ndi nkhalango. Ukalemba munthu pambali pa mtengo, tanthauzo lake ndi kupuma. Aliyense amene anapalirapo chimanga dzuwa lili paliwombo alimvetsa tanthauzo limeneli popanda mtanthauziramawu. Ndinayamba ndi manambala, masiku a pa mlungu, munthu, mayi, mwana, madzi, moto, ndi ziwalo za thupi monga diso, khutu, pakamwa ndi dzanja. Pa miyezi 6 ndinali ndi kanji zosakwana 100, ndipo pa cholinga changa zinali zokwanira.

Zida zimene zili pa intaneti

Zophunzirira zilipo zambiri moti vuto lalikulu ndi kusankha. Langizo langa ndi lakuti mutenge buku limodzi loti likhale msana wa maphunziro anu, zina zonse zikhale ndiwo.

Msana wanga unali Irodori, mabuku amene bungwe la Japan Foundation linaika pa intaneti kwaulere, pamodzi ndi mawu omvetsera. Analembedwa poganizira alendo okakhala ndi kukagwira ntchito ku Japan, choncho nkhani zake ndi za moyo weniweni: kudzidziwitsa, kugula zinthu, kukwera basi, kupita kuchipatala. Bungwe lomweli lili ndi tsamba lotchedwa Minato, kumene munthu amalembetsa n'kumaphunzira yekha, komanso timapulogalamu ta pa foni tothandiza kuloweza hiragana ndi katakana pogwiritsa ntchito zithunzi.

Wailesi ya NHK World ili ndi maphunziro 48 aafupi otchedwa Easy Japanese, amene ndinkamvetsera ndikutsuka mbale. Mukafika potha kuwerenga pang'ono, NHK ilinso ndi tsamba la nkhani zolembedwa m'Chijapanizi chosavuta, ndipo pamwamba pa kanji iliyonse pamakhala tizilembo ta hiragana tosonyeza katchulidwe. Pofufuza mawu ndinkagwiritsa ntchito Jisho, mtanthauziramawu wa pa intaneti. Poloweza ndinkagwiritsa ntchito Anki, pulogalamu ya timakhadi imene imakubwezera liwu pa nthawi imene watsala pang'ono kuliiwala. Liwu limene ukulidziwa bwino limabwera patapita masiku ambiri, limene likukuvuta limabwera mawa lomwe. Pa mafoni a Android ndi yaulere, ndipo imagwira ntchito popanda netiweki.

Tonse tikudziwa mtengo wa bandulo ndi khalidwe la magetsi athu, choncho nazi zimene zinandithandiza. Mabuku ndi mawu omvetsera ndinkazitsitsa kamodzi pamene pali intaneti ya ku koleji, n'kuzisunga mu foni. Makanema ndinkaonera pang'ono chifukwa amadya bandulo ngati chiswe. Masamba a phunziro la mlungu umenewo ndinkawasindikiza pa pepala. Ndinadulanso makatoni akale a magolovesi kukhala timakhadi, kutsogolo Chijapanizi, kumbuyo Chichewa, ndipo magetsi akazima ndinkawerenga timakhadito ndi tochi. Kumbuyoko ndinkalemba Chichewa mwadala. Kudutsira m'Chingerezi kunkangotalikitsa njira, chifukwa mawu ambiri a ulemu ndi a mvekero amagwirizana bwino ndi athu.

Nthawi yake inali mphindi 20 m'mawa ndisanapite ku ntchito, ndi mphindi 15 madzulo. Ndinaona kuti maola atatu a Loweruka lokha sapindula ngati timphindi ta tsiku lililonse. Mlungu wa mayeso a ophunzira ndinalekeza kwa masiku 10, ndipo pobwerera ndinapeza theka la katakana litauluka. Chinanso, timasewera ta pa foni timene timapereka mapointi ndi tabwino pokukumbutsa kuphunzira, koma munthu akhoza kukhala ndi mapointi ambiri osatha kupereka moni. Lankhulani mokweza. Bwerezani pambuyo pa wolankhulayo, dzijambuleni mawu, mudzimvetsere. Adzukulu anga ankandiseka mpaka anayamba kunditsanzira, ndipo wamng'ono amawerenga mpaka 10 mwachangu kuposa ine.

Ngakhale woyera analakwitsa

Kwa ife Akatolika, nkhani ya mlendo wolimbana ndi Chijapanizi ndi yakale. Francis Xavier woyera anafika ku Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549, ndipo ankadalira Anjiro, munthu wa komweko amene anabatizidwa, kuti azimumasulira. Pofuna kutchula Mulungu anayamba kugwiritsa ntchito dzina loti Dainichi. Patapita nthawi anazindikira kuti limeneli ndi dzina la Buddha wolemekezedwa ndi gulu lina la Abuda, ndipo omvera ankaganiza kuti wabwera ndi nthambi ina ya chipembedzo chawo chomwe. Anasiya dzinalo n'kuyamba kunena kuti Deus, la Chilatini. Amishonale amene anabwera pambuyo pake anazama m'chilankhulocho, moti mu 1603 Ajezwiti anasindikiza ku Nagasaki mtanthauziramawu wa Chijapanizi ndi Chipwitikizi wa mawu oposa 30,000.

Apwitikizi a nthawi imeneyo anasiya mawu ena kumeneko monga anasiyira kuno. Buledi m'Chijapanizi ndi pan. Timakhadi ta masewera ena amatitcha karuta, kuchokera ku liwu la Chipwitikizi lomwe linatipatsa ife kalata. Ndikalakwitsa ndinkakumbukira kuti nkhoswe ya mamishoni inalalikira miyezi yambiri ndi dzina lolakwika, ndipo sinapakire katundu kubwerera kwawo. Inakonza liwulo n'kupitiriza.

Kwa amene mukulota ntchito ku Japan

Ana anga a ku koleji, pano mvetserani bwino. N'zoona kuti ku Japan anthu okalamba ndi ambiri: pafupifupi anthu 29 mwa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo osamalira okalamba akusowa. N'zoonanso kuti kuyambira mu 2019 dzikolo lili ndi chilolezo cha ntchito chotchedwa tokutei ginou, chimene chimaphatikiza ntchito yosamalira okalamba. Koma ntchito imeneyi, imene eni ake amati kaigo, ndi yosiyana ndi unamwino. Kuti munthu agwire ntchito ngati namwino, kangoshi, ayenera kukhoza mayeso a boma la Japan, ndipo amalembedwa m'Chijapanizi. Mapangano apadera otengera anamwino akunja dzikolo linapanga ndi Indonesia, Philippines ndi Vietnam.

Mayeso odziwika a chilankhulochi ndi JLPT. Ali ndi magawo asanu, kuyambira N5 yophweka mpaka N1 yovuta kwambiri, ndipo amalembedwa mu Julayi ndi mu Disembala, ngakhale m'mayiko ena ndi kamodzi kokha pa chaka. Amayesa kuwerenga, kumva, mawu ndi malamulo a chilankhulo, osati kulankhula. Pa ntchito yosamalira okalamba pamafunika N4 kapena mayeso ena ofanana nayo otchedwa JFT-Basic, kuphatikizapo mayeso a luso la ntchitoyo ndi a Chijapanizi cha pa ntchitoyo. Namwino wophunzira kunja amene akufuna kuloledwa kulemba mayeso a unamwino payekha amafunika N1. Imeneyo ndi ntchito ya zaka, yosatheka ndi mphindi 35 pa tsiku kwa miyezi 6 ngati ine. Zanga zija sizinapitirire poyambira penipeni.

Choncho wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mumupatse ndalama ndipo pakatha miyezi itatu mukhala namwino ku Tokyo popanda mayeso, gwirani chikwama chanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musapereke pasipoti kapena satifiketi yanu kwa munthu wongokumana naye pa foni. Ku Lilongwe kuli ofesi ya kazembe wa Japan, ndipo ndi kumene mungafunse za mayeso, za maphunziro othandizidwa ndi boma la Japan, ndi njira zovomerezeka zopitira kumeneko. Safunsa anadya phula. Ndipo amene analonjeza kudzagwira ntchito pa chipatala cha mpingo atamaliza maphunziro akumbukire lonjezo lake asanayambe kuwerengera ndege.

Zimene ndinabwera nazo ku wodi

Phindu limene sindinaliyembekezere ndinalipeza m'mwezi wachitatu. Mwana wanga uja anayamba kunditumizira timauthenga ta mawu kuti ndizizolowera. Tsiku lina tikulankhulana anandifotokozera kanthu mofulumira, ine ndikungoti hai, hai. Kenaka anandifunsa m'Chichewa, "Amayi, mwamva chiyani?" Ndinalibe yankho. Ndinali nditavomera kasanu konse popanda kumva kanthu, chifukwa ndinkachita manyazi kumuuza kuti abwereze. Iye anandiuza kuti ngakhale kwawoko hai nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndikumvetsera, osati ndamvetsa kapena ndavomera.

Usiku umenewo ndinaganiza za amayi onse amene ndawauzapo za kamwedwe ka mankhwala, iwo akungoti, "Eya, adokotala." Ndinaganiza za agogo olankhula Chiyao, Chilhomwe, Chisena kapena Chitumbuka amene amabwera ndi mdzukulu wodwala, ife n'kuwathira Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi cha m'mabuku, kenaka n'kulemba mu fayilo kuti alangizidwa. Zaka zoposa 30 ndakhala kumbali ya wodziwa. Zinatengera chilankhulo cha kutali kuti ndikhale pa benchi ya wosamva, ndi kulawa mmene manyazi amatsekera pakamwa.

Kuyambira pamenepo ndinasintha zinthu ziwiri pophunzitsa. Choyamba, wophunzira akamaliza kulangiza mayi asafunse kuti "Mwamva?" Afunse kuti, "Mayi, mukakafika kunyumba mukawauza chiyani bambo za mankhwalawa?" Yankho la funso limeneli ndilo limaonetsa ngati uthenga wafika. Chachiwiri, wophunzira aliyense asanapite ku wodi alembe m'kope ziganizo 20 za chilankhulo china cha m'dziko muno chimene sachidziwa: moni, pakupweteka ndi pati, zayamba liti, pumani kwambiri, musaope, zikomo. Aphunzitsi ake ndi anzake a m'kalasi momwemo. Njira ndi yomwe ija ya timakhadi ta makatoni.

Ndinabweretsanso mawu awiri amene ndinawakonda. Odwala akamatuluka m'chipatala ku Japan amauzidwa kuti odaiji ni, kutanthauza kuti mukadzisamalire. Ogwira ntchito akamasinthana amauzana kuti otsukaresama desu, kumene ndi kuzindikira kutopa kwa mnzako ndi kumuthokoza. Pano ndikamalandira wodi m'mawa kwa amene achezera usiku, ndimayamba ndanena kuti, "Mwagwira ntchito, zikomo," ndisanafunse za lipoti.

Mwana anabadwa, wamkazi, wa makilogalamu atatu. Lamlungu lotsatira foni inalira pa nthawi yomwe ija. Ndinali nditalemba ziganizo zanga pa pepala, koma nditaona nkhope ya mayi aja pepalalo ndinaliiwala pamwendo. Ndinati konbanwa, poti kwawoko kunali kutada. Ndinati omedetou gozaimasu, mawu owayamikira pa mwayi umene wawagwera. Ndinawatchula obaasan, ndipo liwu la pakati ndinalitalikitsa bwinobwino. Kenaka ndinafuna kunena kuti ndimagwira ntchito ku chipatala, byouin, koma pakamwa panatuluka biyouin. Ndinali nditawauza kuti ndimagwira ntchito ku saluni yokonzera tsitsi.

Agogowo anaseka mpaka kugwira pamimba, mwana wawo akuwaletsa kuti adzutsa khanda. Atapuma anandifunsa pang'onopang'ono ngati ndili bwino, ndipo funsolo ndinalimva ndekha, n'kuyankha ndekha. Tinalankhula mwina mphindi zitatu tisanafune womasulira. Potsanzikana anasuzumira kapepala kamene anabisa pansi pa tebulo, n'kuwerenga mosamala kuti, "Zikomo kwambiri, amayi."

Kope la timabokosi lija linadzaza, ndipo ndagula lachiwiri. Mlungu uno ndili pa phunziro la kugula zinthu pamsika.